Bokosi Lachinayi

Ananditumiza ku Calama ndi chikwama cha mafomu,
kampasi, tepi yoyezera, ndi ndalama za malo ogona masiku atatu.
Bwana Retamal anati: kamvetsere, ulembe, usagwedeze mutu.
Kugwedeza mutu n'kuvomera,
ndipo boma silivomera chinthu lisanachiike m'faelo.

Fomu yathu ili ndi mabokosi anayi.
Loyamba, ndege.
Lachiwiri, nyenyezi kapena mwezi.
Lachitatu, chibaluni cha oyeza nyengo.
Lachinayi n'laling'ono ngati chikhadabo cha khanda,
ndipo pa zaka khumi ndi ziwiri ndalichonga kasanu kokha.
Ukalichonga amakuitana kuchipinda chapamwamba
kuti ukafotokoze pamene nzeru zako zinathera.

Eleuterio Colque ndinampeza kunsi kwa lole,
girisi mpaka m'zigongono.
Ankatuta mchere kuchokera kuchigwa kupita kudoko,
usiku, msewu ukazizira.
Ndinafunsa: chinali chachikulu bwanji?
Anati: ndichiyerekeze ndi chiyani? Kuno kulibe mtengo.
Ndinafunsa: chinkalira?
Anati: ayi, injini yanga ndiyo inangoti zii,
wailesi inaduka munthu ali pafupi kugoletsa,
mpaka lero sindidziwa ngati mpirawo unalowa.

Funso la nambala 19 limati: kodi munali mutamwa?
Ndinaliwerenga ndikuyang'ana nsapato zanga.
Anati kampani inafunsa kale limenelo
n'kudziyankha yokha.
Lole iyi ndi ya mlamu wake. Akungothandiza kukonza.

Fresia, mkazi wake, anatithirira tiyi wa masamba a koka.
Uyu sanama, anatero, alibe luso lake.
Koma chichokereni usiku uja
amagona nyali ili chiyakire
ngati mwana amene waona maliro.

Ndinakayeza malowo.
Mchenga wosapsa, wosakumbika,
mapazi a nkhandwe okha akudutsa mosasamala.
Ndinatola miyala itatu n'kuiika m'kathumba.
Ku likulu adzaiunika milungu iwiri
n'kulemba kuti ndi miyala.

Pobwerera, cha m'ma leveni usiku,
kuwala kunatsika kumanzere kwa phiri,
n'kuima.
Fomu ili ndi mitundu isanu ndi umodzi,
uwu mulibemo.
Wotchi yanga inkayendabe, ndisaname.
Injini sinazime, ndinazimitsa ndekha.
Ndinatuluka, chisanu chikuluma makutu,
ndipo ndinapezeka ndavula chipewa,
kaya ndinkavulira yani.
Kenako kunachoka
mmene dzina la munthu womudziwa limachokera pa lilime
iye ataima patsogolo pako, dzanja atatambasula.

Pampando panali fomu yosalemba.
Ndinaitsamiritsa pachiwongolero.
Mboni: ine.
Wofunsa: ine.
Chinali chachikulu bwanji? Ndinayang'ana uku ndi uku,
mtengo panalibe.
Funso la nambala 19: tambula imodzi ya vinyo, masana,
ndipo cholembera chinanjenjemera
ngati kuti ndi Colque akundifunsa.

Ku Santiago ndinapereka faelo yake.
Ndinachonga bokosi lachinayi, kachisanu ndi chimodzi,
n'kukwera masitepe asanandiitane.
Retamal anatembenuza mapepala ndi chala chonyowetsa malovu.
Kalata yonena kuti munthuyu sanali woledzera
si ntchito ya ofesi ino, anatero.
Kenako, osadzutsa mutu:
nanga inu, mumsewu monsemo, simunaoneko kanthu?

Mchere, bwana, ndinatero.
Mchere wokhawokha.

Fomu yanga ili m'kabati, pansi pa malisiti a magetsi.
Kumwamba kwa mzinda uno n'kwa utsi,
ngakhale nthanda imavutika kuboola.
Komabe ndimatuluka pakhonde chakudya chikuzizira,
ndipo Herminia wasiya kufunsa.
Dzulo anangodutsa kumbuyo kwanga n'kunena kuti
ngati nyali ya kuchipinda izikhala chiyakire usiku wonse,
ndizilipira ndekha.